Padi ya Kampani Ina: Mmene Mungadziwire Ngati Ndi Yoyenera Kuigula

Padi yosewerera magemu a pa TV ikayamba kukalamba sibisala. Mwaimitsa mpira pakati pa bwalo, chala chanu sichinakhudze analogi, kandodo koyendetsera wosewera kaja, koma wosewera wanu akungoyenda yekha kulowera kumzere ngati waitanidwa ndi amayi ake. Kapena batani la R2 lafooka, inu mukufuna athamange, iye akuyenda ngati wopita kumaliro. Mawa lake mwalowa m'tauni, kaya ku Limbe kaya ku Area 2 ku Lilongwe, ndipo m'sitolo akuyalirani mapadi atatu. Yoyamba ndi ya Sony yeniyeni, mtengo wake woti muyambe mwakhala pansi. Yachiwiri ili ndi dzina lomwe simunalimvepo, mwina 8BitDo, GameSir kapena PowerA. Yachitatu ikufanana ndendende ndi yoyamba ija, koma mtengo wake sukufika ngakhale theka. Wogulitsa akuti, "Zonsezi n'chimodzimodzi bwana, chikusiyana ndi dzina basi."

Si chimodzimodzi ayi. Koma sikutinso yodula ija ndiyo yabwino nthawi zonse. Pali mapadi a makampani ena omwe amakhalitsa kuposa a eni makina osewerera magemu, ndipo alipo ena oti mukafika nawo kunyumba makina anu sangawazindikire n'komwe. Nayi njira yomwe ine ndimatsata ndisanatulutse ndalama.

Choyamba: dziwani mtundu wa padi yomwe mwagwirayo

Anthu amangoti "si orijino," koma m'mawu amenewa muli zinthu zitatu zosiyana kwambiri.

Pali mapadi opangidwa ndi kampani ina koma mwachilolezo cha eni makina. Awa pabokosi pake pamakhala chizindikiro. A Xbox amalembedwa kuti Designed for Xbox, a PlayStation ndi a Nintendo amakhala ndi chidindo chonena kuti ndi katundu wovomerezeka, Official Licensed Product. Makampani monga Hori, PowerA, PDP, Nacon ndi Razer ali ndi mapadi ambiri a mtundu umenewu. Chilolezochi sichitanthauza kuti padiyo ndi yolimba, chimangotanthauza kuti makina anu adzailandira lero, ndipo adzailandirabe akalandira update ina mwezi wamawa.

Palinso mapadi opanda chilolezo koma osabisa nkhope. Ali ndi dzina lawolawo, bokosi lawolawo, ndipo amanena poyera makina omwe amagwirapo ntchito. Mapadi ambiri a 8BitDo ndi GuliKit ogwira pa Switch, pa kompyuta ndi pa foni ali m'gulu ili. Kampani yoteroyo ili ndi mbiri yoti iteteze, ndiye ikalakwitsa imatulutsa update yokonza.

Gulu lachitatu ndi la feki, zovala malaya a mnzake. Maonekedwe ndi a DualShock 4, padi ya Sony ya PS4, koma pabokosi palembedwa kuti Doubleshock, kapena kuti ndi ya "P4" m'malo mwa PS4. Zina zimafika poika chizindikiro cha Sony chenichenicho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinagulapo ina yotere pa sitolo ina m'tauni, ndikudziwa bwinobwino kuti si yeniyeni koma ndikudzinamiza kuti ingondithandiza miyezi ingapo. Analogi yake inkadziwa kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, koma ukaipendeketsa pang'ono chabe sinkamva kanthu mpaka utaikankha kufika kumapeto. Kupereka mpira wapansi wofewa kunali kosatheka. Vuto la feki si kutchipa kwake. Vuto n'lakuti amene anaipanga sakufuna kudziwika, ndiye palibe amene mungamufunse ikafa.

Ngati mwaona kuti mwagwira ya gulu lachitatu ndipo wogulitsa akuumirira kuti ndi orijino, ibwezeni pashelefu. Malangizo otsatirawa ndi a magulu awiri oyamba aja.

Chachiwiri: yambani ndi makina omwe muli nawo kunyumba

Apa ndi pomwe nkhani yambiri imathera, chifukwa makampani atatu opanga makinawa, Sony, Microsoft ndi Nintendo, salandira mapadi achilendo mofanana.

Ngati muli ndi PS5, khomo ndi lopapatiza. Kuyambira pomwe makinawa anatuluka mu Novembala 2020, magemu a PS5 amafuna DualSense, padi ya Sony ya makinawa, kapena padi yomwe Sony yavomereza kuti ndi ya PS5. Ngakhale DualShock 4 yeniyeni ya Sony yemweyo imangogwira pa magemu a PS4 omwe mukusewera pa PS5, mukatsegula gemu ya PS5 imakanidwa. Mapadi ovomerezeka a makampani ena alipo, monga Razer Wolverine V2 Pro, Victrix Pro BFG ndi Nacon Revolution 5 Pro, koma onsewa ndi odula kuposa DualSense yomwe, ndipo anapangidwira anthu ochita mipikisano. Ndiye mukaona padi yotsika mtengo yolembedwa kuti imagwira pa PS5, werengani timalemba tating'ono tapansi. Kawirikawiri mupeza kuti akunena magemu a PS4 okha. Kwa munthu amene akungofuna padi yachiwiri yosewerera mpira ndi mnzake pa PS5, ine ndinganene kuti sungani ndalama mugule DualSense.

PS4 ndiyo ili m'manyumba ambiri ndi m'malo ambiri olipiritsa magemu, ndipo ndiyonso ili ndi mapadi achilendo ochuluka pamsika. Makinawa amafunsa padi iliyonse kuti idzitsimikizire kuti ndi yovomerezeka. Padi ina yopanda chilolezo imayamba bwinobwino, kenako patatha mphindi pafupifupi 8 imangoduka, mpaka muizule ndi kuilumikizanso. Mphindi 8 m'gemu ya mpira ndiye kuti mwangolowa kumene chigawo chachiwiri. Zina zimagwira bwino miyezi ingapo, kenako makina akalandira update zimasiya. Chifukwa chake pa PS4 kuyesa kwa mphindi ziwiri m'sitolo sikukwanira, tidzabwereranso ku mfundo imeneyi.

Pa Xbox nkhani inamveka bwino mu Novembala 2023, pomwe Microsoft inayamba kutsekera kunja zipangizo zosavomerezeka. Mukalumikiza padi yoteroyo pamatuluka uthenga wa nambala 0x82d60002, ndipo pakapita masiku ochepa imasiyiratu kugwira. Choncho pa Xbox funani chizindikiro cha Designed for Xbox, osanyengerera. Ubwino wake, mapadi ovomerezeka a Xbox ndi ambiri ndipo ena ndi otsika mtengo kuposa ya Microsoft. Ambiri mwa otsika mtengowo ndi a chingwe, chifukwa Xbox simalumikizana ndi padi kudzera pa Bluetooth, ili ndi njira yakeyake yomwe kwa zaka zambiri sinkaperekedwa kwa makampani ena. Padi ikalembedwa kuti ndi ya Bluetooth basi, pa Xbox sigwira popanda chingwe.

Switch ya Nintendo ndi yomasuka. Mapadi ambiri opanda chilolezo amadzionetsa ngati Pro Controller, padi ya Nintendo yeniyeni, ndipo amalandiridwa. Apa ndi pomwe kampani ina imapambana kawirikawiri. Ngati mwagula Switch 2, yomwe inatuluka mu Juni 2025, onetsetsani kuti bokosi kapena tsamba la kampaniyo likutchula Switch 2 mwachindunji, chifukwa mapadi ena akale amafunika update kaye.

Pa kompyuta mawu ofunika kuwapeza pabokosi ndi XInput. Iyi ndi njira yomwe padi ya Xbox imalankhulirana ndi Windows, ndipo magemu ambiri a masiku ano amayembekezera imeneyi. Timapadi tamapasa tija ta USB imodzi, tofanana ndi ta PS2, timagwiritsa ntchito njira yakale ya DirectInput. N'chifukwa chake mumapeza kuti batani lopatsira mpira lasanduka lowombera, kapena analogi yakumanja yatembenuka. Zimakonzeka ndi pulogalamu ya x360ce kapena kudzera mu Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu, koma ngati mukugula yatsopano, bwanji kudzigulira ntchito?

Pa foni, funso loyamba si la padi koma la gemu. Call of Duty Mobile imalola padi, ndipo yomwe eni ake amatchula ndi ya PlayStation ndi ya Xbox. PUBG Mobile ilibe njira yovomerezeka yolumikizira padi. Munthu akhoza kugula padi yabwino kwambiri n'kupeza kuti gemu yomwe amaikondayo sikuifuna.

Chenjezo limodzi lokhudza makina onse: dzina limodzi likhoza kukhala ndi mitundu ingapo. 8BitDo Ultimate 2C, mwachitsanzo, ilipo ya Windows ndi Android, iliponso ina ya Switch. Maonekedwe ndi ofanana. Safunsa anadya phula, tembenuzani bokosi muwerenge kumbuyo.

Chachitatu: funsani zomwe zili pansi pa analogi

Chomwe chimapha mapadi ambiri ndi matenda aja a wosewera woyenda yekha, omwe amatchedwa drift. Kuti mumvetse chifukwa chake padi ya kampani ina ingakhale yanzeru kugula, muyenera kudziwa chomwe chimachitika m'katimo.

Pansi pa analogi ya DualShock 4, DualSense ndi padi ya Xbox pali tizipangizo tiwiri totchedwa potentiometer, kamodzi koyeza kumanja ndi kumanzere, kena koyeza kutsogolo ndi kumbuyo. M'kati mwake muli kachitsulo kamene kamakhula pa kanjira ka kaboni nthawi iliyonse mukasuntha chala. Chokhulana chimaperepeseka. Kanjira kaja kakatha, kapena fumbi likalowamo, padi imayamba kuuza makina kuti mwakankha pomwe simunakankhe. Mu 2021 a iFixit, omwe ntchito yawo ndi kumasula zipangizo, anaona kuti kachipangizo ka kampani ya ALPS komwe kali mu DualSense kanalembedwa kuti kamapirira kusunthidwa maulendo 2,000,000. Nambalayi ikumveka yaikulu, koma iwo atawerengera mmene munthu amasunthira chala m'gemu yowomberana anapeza kuti ikhoza kutha m'maola ongopitirira 400. Amene amasewera maola awiri tsiku lililonse wafikapo m'miyezi 7. Si padi iliyonse imafa pa nthawi imeneyo, zina zimakhala zaka, koma mukuona kuti kudula kwa padi sikuchotsa vutoli. Ngakhale DualSense Edge ya madola 200 ija ili ndi tizipangizo tomweti, kungoti anakonza zoti muzitha kuzula analogi yonse n'kuikapo ina. Nintendo nayo inavutika ndi Joy-Con, mapadi a Switch, mpaka mkulu wa kampaniyo, Shuntaro Furukawa, anapepesa mu 2020.

Njira ina ndi ya maginito, yotchedwa Hall effect potengera dzina la Edwin Hall amene anatulukira mfundoyi mu 1879. Apa palibe chokhulana. Kamaginito kamasuntha pafupi ndi sensa, sensayo n'kumayeza mphamvu ya maginitoyo. Si nzeru yatsopano, padi ya Sega Dreamcast ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inali nayo kale. Chodabwitsa n'chakuti masiku ano amene aibweretsanso ndi makampani ang'onoang'ono, eni makina akadali pa kaboni. GameSir G7 SE, ya chingwe komanso yovomerezeka pa Xbox, ili ndi maanalogi a maginito ndipo inatuluka pa mtengo wotsika kuposa padi ya Microsoft. Palinso mtundu wina watsopano wotchedwa TMR, nawonso ndi wa maginito koma umadya moto wochepa.

Musatengeke kwambiri komabe. Maginito amachotsa kuperepeseka kwa kaboni, koma sipuling'i yobwezera analogi pakati imafookabe, mabatani a L1 ndi R1 amathyokabe, ndipo mawu oti Hall effect tsopano akulembedwa ngakhale pa mabokosi a mapadi osadziwika bwino. Mawuwa akhale chifukwa choti muiyese padiyo mwachidwi, osati choti mulipire musanaiyese.

Chachinayi: pezani chomwe achotsamo kuti mtengo utsike

Padi yotsika mtengo ya kampani yoona mtima imakhala kuti yasiya china chake. Ntchito yanu ndi kudziwa chomwe chasiyidwacho, n'kudzifunsa ngati mumachigwiritsa ntchito.

Kunjenjemera ndiko kumayamba kuchotsedwa. Mapadi ambiri a chingwe a PowerA a Switch sanjenjemera, ndipo Hori Split Pad Pro sinjenjemera, simva kupendeketsa, komanso imagwira pokhapokha mwailumikiza m'mbali mwa Switch. Ngakhale mapadi odula a PS5 ndatchula aja alibe kunjenjemera kwa DualSense kuja, kapena L2 ndi R2 zomwe zimalimba ndi kufewa malinga ndi zomwe zikuchitika m'gemu. Wosewera mpira sangadandaule. Koma kumva kupendeketsa ndi nkhani ina: mu Zelda Breath of the Wild muli malo ena oti simungadutse popanda kupendeketsa padi. Touchpad ya PlayStation nayo anthu amaipeputsa, chonsecho mu Ghost of Tsushima ndi pomwe mumapukusa chala kuti mphepo ikulozereni njira, ndipo magemu ambiri amatsegulira mapu pamenepo.

Onaninso ngati pali pobayira mahedifoni, ngati mumacheza ndi anzanu posewera. Okonda magemu a galimoto ayese L2 ndi R2: zizikhala zomva kuti mwaponda pang'ono kapena kwambiri, osati zongodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa ngati switchi ya getsi. Mapadi opangidwira Switch nthawi zambiri amakhala a mtundu wachiwiriwu. Ndipo pa padi ya Switch batani la A lili kumanja, pomwe pa ya Xbox lili pansi. Mukagula ya zilembo za Switch kuti muzisewerera pa kompyuta, TV izikuuzani kuti dinani A, chala chanu n'kudina pena.

Zina zomwe amawonjezera, monga timagetsi tamitundumitundu tozungulira analogi, ine sindiziwerengera n'komwe. Timangomaliza batire. Mabatani a kumsana ndiwo othandiza kwa okonda magemu owomberana, chifukwa mumalumpha osachotsa chala pa analogi.

Chachisanu: chingwe kapena batire

Kwathu kuno funso ili ndi lalikulu kuposa mmene olemba za magemu a kunja amalionera. Magetsi akabwera mochedwa, mukufuna kusewera nthawi yomweyo, osati kuyamba kudikira padi kuti itchajike. Padi ya chingwe ilibe batire loti life, ndi yotsika mtengo, ndipo kuchedwa pakati pa chala chanu ndi TV kumakhala kochepa. Chofunika ndi kutalika kwa chingwe, mamita atatu ndi abwino pabalaza, komanso kuti chikhale chozuka. Chingwe chomatiriridwa ku padi chikaduka m'kati, padi yonse yapita. Chozuka mumangogula china.

Ngati mukufuna yopanda chingwe, pa kompyuta sankhani yomwe imabwera ndi kachipangizo kake kolumikizira (dongle) ka 2.4 GHz kobaya pa USB, chifukwa kawirikawiri kamafulumira ndi kukhazikika kuposa Bluetooth. Kungoti kakatayika ndi mavuto, choncho onani ngati padiyo ili ndi posungira. Potchajira pakhale pa USB-C, osati Micro-USB yomwe imagwedera msanga monga mukudziwira ndi DualShock 4. Mapadi oyendera mabatire awiri a AA, ngati ya Xbox, ena amawaseka kuti ndi achikale, koma batire lake likatha mumangosintha. La m'kati likafa pamafunika sikuludiraiva.

Chachisanu ndi chimodzi: iyeseni musanalipire

Zonse ndanenazi mukhoza kuzichita muli kunyumba pa foni. Izi zokha n'zofunika manja anu. Wogulitsa wokana kuti muyese katundu wake wakuuzani kale zomwe mumafuna kudziwa.

Tengani laputopu kapena foni yokhala ndi intaneti, ndi chingwe chanu chomwe mukudziwa kuti chimadutsa data, chifukwa zingwe zina ndi zotchajira basi. Lumikizani padi, tsegulani tsamba loyesera mapadi, mukalemba Gamepad Tester pa Google mulipeza. Pa Windows popanda intaneti, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani joy.cpl, mutsegule Properties.

Yambani osaigwira. Ikani padi patebulo muyang'ane kadontho ka analogi iliyonse. Kayenera kukhala pakati, phee. Kakamanjenjemera kapena kukhala chakumbali padi ili yatsopano, musapitirire.

Kenako kankhani analogi pang'onopang'ono kwambiri, ngati mukuopa kudzutsa mwana. Kadontho kayenera kuyamba kusuntha mutangoyamba kukankha. Ngati mwakankha ndithu koma kadontho kali chiimire, kenako n'kudumpha, ndiye kuti opanga anaika dead zone yaikulu pofuna kubisa kuti analogi yawo ndi yosalongosoka. Ili ndi vuto lija ndinakumana nalo ine. Zungulizani analogi m'mphepete katatu konse, kadontho kajambule mkombero wosalala wofika mbali zonse, osadukiza m'makona. Ikankheni mpaka kumapeto n'kuisiya mwadzidzidzi, ibwerere pakati osapitirira kutsidya lina. Chitani zimenezi mbali zonse zinayi, pa maanalogi onse awiri, ndipo musaiwale kuwadina pansi kuti muone L3 ndi R3.

L2 ndi R2 zikokeni pang'onopang'ono, nambala ikwere mwandondomeko kuchokera pa 0 kufika pa mapeto. Batani lililonse lidineni kakhumi mofulumira, muone ngati likudumphitsa kapena kuwerenga kawiri. Pa mabatani a mtanda, dinani kumanja kokha mukugwedeza chala pang'ono. Ngati pakuyakanso kumwamba kapena pansi, okonda Tekken ndi Mortal Kombat adzalira nayo. Dinani mabatani atatu kapena anayi nthawi imodzi, monga R2, L1 ndi X, onse aoneke.

Tsopano igwireni ngati mukusewera. Ipotozeni pang'ono m'manja, isalire. Igwedezeni pafupi ndi khutu, musamveke kanthu koyendayenda m'kati. Bayani chingwe n'kuchigwedeza pomwe chalowera, padi isaduke.

Ngati mukukayika kuti DualShock 4 kapena DualSense yomwe akukugulitsani ngati orijino ndi yeniyeni, pali zizindikiro zingapo. DualShock 4 yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 210, DualSense pafupifupi 280, ndipo feki zambiri zimapepuka. Kumsana kwa DualShock 4 kumalembedwa CUH-ZCT1 kapena CUH-ZCT2, ndipo ya ZCT2, yomwe inatuluka mu 2016, imaonetsa kamzere ka kuwala pamwamba pa touchpad. Zolemba zikanena ZCT2 koma kamzereko palibe, mwaigwira. DualSense yeniyeni imazindikiridwa ndi pulogalamu ya Sony ya pa kompyuta yotchedwa PlayStation Accessories, monganso padi ya Xbox imazindikiridwa ndi Xbox Accessories. Pa PS5 tsegulani Astro's Playroom, gemu yomwe imabwera kale m'makinamo. M'mphindi zochepa zoyambirira imakuyesetsani chilichonse cha padiyo, ndipo feki singathe kunamizira kulimba kwa L2 ndi R2.

Pomaliza pake, ngati m'sitolomo muli makina ofanana ndi anu, pemphani kusewera gemu imodzi yathunthu, yopitirira mphindi 10, makamaka ngati ndi PS4. Ngati mulibe, gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukaiyesa kunyumba ndipo ikakana mubwera nayo mawa. Alembe zimenezo pa lisiti, osati pakamwa pokha.

Chachisanu ndi chiwiri: werengerani ndalama pa miyezi, osati pa tsiku logula

Mitengo ya kunja imathandiza kudziwa ngati akukuberani. DualSense inatuluka pa madola 70 n'kukwera kufika 75 mu 2024. Padi ya Xbox inakhala nthawi yaitali pa madola 60. GameSir G7 SE inali pa madola 45, ndipo 8BitDo Ultimate 2C yopanda chingwe pa madola 30. Kuno mitengoyi imakwera ndi msonkho, mayendedwe ndi kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinadumpha. Koma kusiyana kwa padi ndi inzake kumayenera kufananako. DualSense yatsopano m'bokosi yomwe ikugulitsidwa motchipa kuposa mtengo wa ku America ili ndi nkhani yomwe simunauzidwe.

Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka. Padi ya K40,000 yomwe yakhala miyezi itatu yakudyerani ndalama zopitirira K13,000 pa mwezi. Ya K120,000 yomwe yakhala chaka ndi theka yakudyerani zosakwana K7,000 pa mwezi. Kwa munthu amene ali ndi malo olipiritsa magemu, komwe padi imagwiridwa ndi manja khumi patsiku, ena otuluka thukuta ena ongodya kumene chipisi, masamu amenewa ndiwo bizinesi yonse. Kumeneko ine ndingasankhe ya chingwe chozuka ndi maanalogi a maginito ngati makinawo akuilola. Kwa munthu amene akufuna padi yongotulutsa alendo akabwera Loweruka, ya chilolezo yotsika mtengo yosanjenjemera ndi yokwanira.

Musanagule, ganiziraninso padi yakale ija. Nthawi zina drift imayamba ndi fumbi chabe, ndipo kutsuka m'munsi mwa analogi ndi spiriti ya isopropyl kumaichiritsa kwa kanthawi. Ikakana, okonza mafoni odziwa kuwotcherera amatha kuchotsa kachipangizo ka analogi n'kuikapo kena. Tilipo ngakhale ta maginito tokwana mu DualShock 4 ndi DualSense, kungoti tikaikidwa pamafunika kutikonza pa kompyuta kuti pakati pakhale pakatidi. Timphira ta pansi pa mabatani natonso timagulitsidwa patokha. Apa ndi pomwe padi ya eni makina imapambana: zida zake zimapezeka paliponse, pomwe za padi ya dzina lachilendo mukhoza kuzisaka osazipeza.

Nkhani yobweza katundu imadalira komwe mwagula. Ngati mwatuma m'bale wanu ku Johannesburg, lamulo la ku South Africa loteteza ogula la 2008 limapereka miyezi 6 yobwezera katundu amene wapezeka ndi vuto. Ku Britain lamulo la 2015 limapereka masiku 30 oti mubweze katundu wowonongeka n'kulandira ndalama zanu zonse. Koma malamulowa sakuthandizani ngati padi yafika kale ku Mzuzu ndipo lisiti linatayidwa ku Park Station. Muuzeni m'bale wanuyo kuti aitsegule, aiyese monga ndafotokozera pamwambapa asanaipereke kwa a basi, ndipo ajambule lisiti akutumizireni pa WhatsApp. Mukaitanitsa nokha kuchokera ku China, gulani ku sitolo ya kampani yeniyeniyo, chifukwa mapadi a mayina otchuka nawonso ayamba kukhala ndi feki zawo.

Ikafika kunyumba, musataye bokosi sabata yoyamba. Onani pa tsamba la kampaniyo ngati pali update ya padiyo, muiike, kenako sewerani ola lathunthu usiku womwewo gemu yomwe mumaidziwa bwino kwambiri, yomwe zala zanu zingazindikire msanga kuti china chake chasintha. Ngati ndi yopanda chingwe, itchajeni idzaze ndipo mulembe nthawi yomwe mwayamba, kuti mudziwe maola enieni a batire lake masiku obwezera asanathe.